Alpha One ikugwedera: ndiwotcherere gimbal ring kapena ndisinthe zonse?

Wa Sipanala:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Ndili ndi boti la kasitomala pano, drive yake ndi MerCruiser Alpha One Gen II (drive ndi gawo la kumbuyo kwa boti lomwe lili ndi pulopela, limenenso limakhotetsa boti). Akuti likamayenda limangokhotera uku ndi uku, chiwongolero akuchita kulimbana nacho. Ndalikweza pa ngolo, ndagwira drive kumunsi n'kukankha uku ndi uku, ikuyenda yokha pafupifupi mainchesi 2 chiwongolero chili chete. Kebulo ili bwino, helm (makina a kuseri kwa chiwongolero) ili bwino, pini ya pa actuator (silinda yothandiza kukhotetsa) sikugwedera. Mabawuti awiri a pa gimbal ring (mkombero womwe umagwira drive n'kuilola kukhota) ndawamanga ndi torque wrench, mpata wangochepa pang'ono. Zikuoneka kuti swivel shaft ya pamwamba (shafiti yomwe imatembenuza ring mukakhotetsa chiwongolero) yadya bowo lake mu ring, dzimbiri likuchita kutsika kuchokera pa seal. Mwini wake akufuna boti lake msanga, za kutsitsa injini sakufuna n'kumva komwe. Ndiwotcherere bowolo, ndiike ma shim (timalata towonda totsekera mpata), kapena ndigule ring ndi shafiti? Amene munachitapo ndiuzeni chonde.

Mkulu wa pa Doko:
Sinthani ring, achimwene. Shafiti ndi chitsulo, ring ndi aluminiyamu. Bowo lija limayenera kukhala la makona anayi, likafika poyamba kuzungulira ndiye kuti ntchito yake yatha. Ring yatsopano, shafiti yatsopano, mabushi, seal. Basi.

Malinyero:
Musanagule kanthu, mwatsimikiza kuti mpata uli pa ring? Pezani munthu azikankha drive, inu muunike ndi tochi pomwe shafiti imalowera mu ring. Ring ikamayenda shafiti ili phee, vuto ndi ring. Koma zikamayenda limodzi, lowani m'boti muyang'ane steering lever (mkono womwe umatembenuza shafiti) kuseri kwa injini, chifukwa nayonso imadyeka kapena bawuti yake imakhwefuka. Nthawi zambiri zimadyeka zonse ziwiri.

Komanso muuzeni kasitomalayo asayembekezere zodabwitsa. Boti lomwe pansi pake ndi pooneka ngati V yakuya lokhala ndi drive imodzi limakhotakhota ndithu likamayenda pang'onopang'ono, ngakhale zonse zili zatsopano. Mukapanda kumuuza lero adzabwera kudzanena kuti simunakonze.

Wa Sipanala:
Ndaunika. Ring ikuyamba kuyenda, shafiti imatsatira mochedwa. Lever sindikuiona bwino, injini yatchinga.

Wowotcherera:
Kuwotcherera kumatheka, musaope. Koma si ntchito yochitira pa boti. Ring ichoke, itsukidwe mpaka mafuta ndi mchere zonse zichoke, kenako TIG (kuwotcherera kwa magetsi ndi gasi), kenako bowo lidulidwenso pa makina kuti likhale la makona anayi enieni komanso liyang'anane ndi bowo la pini ya pansi. Chovuta n'chakuti aluminiyamu yoyenga yomwe yakhalitsa m'madzi imakhala yomwa zonyansa, ukamawotcherera imalavula thovu, pamwamba pooneka bwino mkati muli timabowo. Moto ukachuluka ring imapindika, ma hinge pin (mapini a m'mbali mwa ring) sayang'anananso, bell housing (chigoba chomwe drive imamangidwapo) imalowa mokakamiza. Ndinalandirapo ring ina yomwe munthu anaiwotcherera n'kusalaza bowo ndi fayilo pamanja. Shafiti inkalowa, inde, koma inkangokhudza makona awiri okha. Mwini wake sanachedwe kubwereranso ndi vuto lomwelo.

Mkulu wa pa Doko:
Mwamva nokha. Owotcherera eniake akukuuzani kuti mkati mumatsala timabowo. Ndiye muike chinthu chotere pamalo pomwe pakugwira drive yonse? Kumbukirani kuti ma trim cylinder (masilinda okweza ndi kutsitsa drive) nawonso amamangidwa pa ring yomweyo. Mphamvu ya pulopela imadutsa pamenepo. Sinthani ring.

Kamnyamata ka Garaja:
Pepani akuluakulu, ine ndine wamng'ono pano, koma abwana anga amathira epoxy yachitsulo m'bowomo, kuika timalata towonda m'mbali mwa shafiti n'kumanga. Mpata umatheratu.

Malinyero:
Umatha tsiku lomwelo, mwana wanga. Epoxy imapirira kupanikizidwa, koma apa si kupanikiza kokha ayi, ndi kumenyedwa uku ndi uku nthawi zonse boti likamakhota kapena likamenya funde. Imasweka n'kusanduka ufa, timalata tija timagwa. Choipa kwambiri n'chakuti imabisa mng'alu. Ine ring yomwe yagwedera nthawi yaitali ndimaipala utoto mozungulira mabawuti aja n'kuyang'ana ngati yayamba kung'aluka. Ndinaonapo boti lina likukokedwa kubwerera ku doko, drive itapendekera mbali imodzi, ring itathyokera pa mabawuti pomwepo. Woyendetsa anati linangokhota lokha mwadzidzidzi lili pa liwiro, munthu wina anamenyetsa nthiti pa mpando. Kuchokera pamenepo nkhani ya epoxy pa chiwongolero sindiimvera.

Wa Sipanala:
Chabwino, epoxy ndaisiya. Koma vuto langa lenileni ndi injini. Ngakhale ndigule ring, nati ya pamwamba pa shafiti ndi bawuti ya lever ndizifikira bwanji osatsitsa injini?

Wa Mabawuti:
Mumabowola gimbal housing (chigoba cha kumbuyo kwa boti chomwe ring imakhalamo) m'mbali zonse ziwiri. Ilipo kiti yake, imabwera ndi pepala lokuonetsani pobowola ndi mapulagi otsekera. Mukabowola mumadula mazinga m'mabowomo, mukamaliza ntchito n'kutseka ndi mapulagi opaka sealant. Sipanala imalowa koma movutikira, nati ija mumaizungulitsa pang'onopang'ono ndi ponchi ndi hamala. Samalani zinthu ziwiri. Musabowole mongoganizira, mukaphonya pang'ono simufikira bawuti ndipo housing mwaiwononga. Ndipo tapu yodulira mazinga ilowe mowongoka, osaipititsa mkati kwambiri, apo ayi pulagi sigwira, madzi azilowa m'boti. Tizidutswa ta aluminiyamu tonse mutulutse, tisatsalire mkati.

Mkulu wa pa Doko:
Mubowole kapena mutsitse injini, zimenezo ndi zanu. Koma mukavutika chonsecho n'kubwezeramo ring yakale, mwataya thukuta pachabe. Ring yatsopano.

Wowotcherera:
Akulu, si onse amapeza ring yatsopano mosavuta, makamaka pa ma drive akale. Ring yowotcherera bwino pa jig (chida choigwira kuti isapindike) imagwira ntchito.

Mkulu wa pa Doko:
Gen II inayamba 1991 ndipo inapangidwa yambirimbiri, ring yake imapezeka. Mukadanena za drive yomwe zida zake zinasiya kupangidwa ndikadakumverani. Apa ayi. Ine dzina langa sindingaliike pa ring yowotcherera.

Malinyero:
Mukagula yogwiritsidwapo kale, tengani shafiti yatsopano mukaiyesere m'bowomo musanalipire. Zambiri zomwe zimagulitsidwa zinachotsedwa pa chifukwa chomwechi. Shafiti ngati mungapeze ya stainless tengani imeneyo, chifukwa yachitsulo wamba imachita dzimbiri pomwe pamakhala seal, dzimbirilo limadya seal, madzi n'kuyamba kudontha mkati mwa transom (khoma la kumbuyo kwa boti). Mwina mukayang'ana pansi pa lever mupeza kale mzere wofiira.

Wa Mabawuti:
Ma hinge pin musawamasule ozizira. Anamangidwa ndi Loctite (guluu wa mabawuti), amafuna moto kaye ndi chida chake chenicheni, apo ayi mano ake amadyeka ndiye mwayamba ntchito ina. Chotsani trim sender ndi trim limit (tizida tamagetsi ta pa ma hinge pin) musanayatse moto, ndi zapulasitiki zimene zija. Mawaya ake ngati auma muwasinthiretu, bell housing ikabwerera simudzawafikiranso mosavuta.

Kamnyamata ka Garaja:
Nanga ma bellows (mapaipi a labala opindapinda aja) mumabwezera omwewo akakhala kuti sanang'ambike?

Malinyero:
Ayi ndithu. Onse atatu atsopano: a U-joint, a ekizozi ndi a shift cable. Labala yomwe yamatulidwa simatanso bwino, ndipo ya U-joint ikang'ambika boti limatha kumira lili pa doko. Gimbal bearing (beringi yomwe shafiti ya drive imadutsamo) muizungulitse ndi chala, ikamamveka ngati muli mchenga ichoke. Ndipo drive isabwerere musanalowetse alignment bar (chitsulo choyezera ngati injini yayang'anana bwino ndi drive).

Wowotcherera:
Pa bellows pomwepo, inu mumapaka guluu mbali zonse ziwiri? Ndimaona anthu ena akupaka mbali ya housing yokha.

Wa Mabawuti:
Zimatengera mtundu wa drive. Pa Gen II mbali ya bell housing pali sleeve yomwe imapanikiza bellows, imafuna chida chake poilowetsa. Tsatirani buku la drive yanuyo, osati zomwe munazolowera pa Alpha yakale. Ma clamp nawonso ali ndi mbali yomwe ayenera kuyang'ana, mukawatembenuza amakhula bellows drive ikamakhota.

Mkulu wa pa Doko:
Achimwene a Sipanala, mwagula ring ija?