HMF ikusanduka tiyi mu KOH, FDCA osaoneka. Wina anakumanapo nazo?

Tadala:
Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Sabata yachitatu tsopano ndikulimbana ndi HMF (mankhwala ochokera ku shuga) kuti ndiisandutse ndi magetsi ikhale FDCA (asidi wopangira pulasitiki) pa electrode ya nickel foam. H-cell (chotengera cha zipinda ziwiri), 10 mL mbali iliyonse, alkali ndi 1 M KOH, HMF 10 mM, reference (electrode yoyezera potential) ndi Ag/AgCl, ndikuika 1.45 V pa sikelo ya RHE (reversible hydrogen electrode). Papepala ma electron 6 pa molekyulu, ndiye charge ya ma coulomb 58 ikuyenera kukwana. Ine ndikufika mpaka ma coulomb 70, madzi abulauni ngati tiyi wopanda mkaka, nickel ili thovu lokhalokha, ndikathira asidi wa HCl kuti ufa woyera wa FDCA udikhe, pansi palibe choyera chilichonse. Dzulo ndinasakaniza 8 koloko, magetsi anathima 9 isanakwane, anayaka cha m'ma 2, ndinangopitiriza pomwepo. HMF yatsala theka la kabotolo, ndipo mukudziwa mmene kuitanitsa kumavutira masiku ano.

A Nkhoma:
Vuto ndi reference yanuyo. Ag/AgCl simaviika mu 1 M KOH tsiku lonse. Kansonga kake kamatsekeka, potential imasuntha, inu mukuwerenga 1.45 pomwe electrode ili kwina. Pezani reference ya Hg/HgO basi.

Chikondi:
Akulu a Nkhoma, za reference sindikukana, koma mwaona kuti HMF inagona mu KOH maola asanu? HMF ndi alkali wamphamvu sizikhalira limodzi. Imawonongeka yokha popanda magetsi, n'kupanga zinyalala zotchedwa ma humin, ndiye bulauni akunenayo. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Zomba zimafulumira. Achemwali, ikani pang'ono mu beaker, osalumikiza chilichonse, muziyeza pa UV cha pa 284 nm ola lililonse, muona nokha ikutsika. Pa run yeniyeni yatsani potential kaye, HMF muzithira pomaliza. Kapena tsikirani ku 0.1 M KOH, current ichepa koma simutaya mankhwala.

A Nkhoma:
Bulauni ndavomera. Nanga thovulo? Ma humin satulutsa oxygen. Reference.

Gift:
Thovu likundikumbutsa zathu. Chaka china KOH atatithera tinakagula caustic soda wa opanga sopo m'tauni, tikuti alkali ndi alkali. Miyezi iwiri tikudabwa kuti oxygen akuyamba msanga bwanji. Kenako tinazindikira kuti munali iron. Nickel ikangolawa iron pang'ono imakhala katswiri wotulutsa oxygen, charge yanu yambiri imathera ku madzi. Amene amafuna hydrogen amasangalala nazo, ife ayi. Supervisor wathu anatiseka mpaka kupukuta misozi, kenako anatilembetsa chaputala chonse kachiwiri. Onani pa botolo la KOH wanuyo kuti ndi giledi yanji, ndipo madzi akhale a distilled enieni, osati a m'thanki.

Mercy:
Musanataye mtima, werengerani kaye. 10 mM mu 10 mL ndi 0.1 mmol. FDCA ndi 156 g pa mole. Ngakhale zonse zitayenda bwino mupeza 15.6 mg yokha, ndipo ina imatsalira yosungunuka m'madzimo ngakhale pH itsike. Mumadikira ufa wodzaza supuni? Pa mlingo umenewo musadalire maso, pamafunika HPLC, makina olekanitsa ndi kuyeza mankhwala.

Tadala:
HPLC yathu column inafa kalekale. 15.6 mg ija sindinaiganizire, zikomo achemwali. KOH ndi wa labu koma botolo ndi lakale, chivindikiro chinang'aluka.

Chikondi:
Ndiye wamwa mpweya wa CO2 ameneyo, wina wasanduka carbonate. 1 M yanuyo mwina si 1 M. Chitani titration.

Mayi Banda:
Ine zanga ndi chenjezo chabe. Ku cathode kukutuluka hydrogen, tsegulani mawindo, ndipo wina asayatse burner pafupi. Magalasi a m'maso musavule ngakhale kutenthe bwanji. Ndinaonapo mwana wasukulu akutulutsa foam ndi tweezers, kadontho ka KOH kanamudumphira m'diso, pampopi madzi kulibe tsiku limenelo. Tinamutsuka ndi wash bottle zinayi tikuthamangira naye kuchipatala. Diso linapulumuka koma anavutika sabata ziwiri. HCl muzithira pang'onopang'ono, beaker imatentha. Ndipo Hg/HgO akunenayo muli mercury, ikasweka musakolope ndi mopu n'kutaya mu sinki. Madzi athu onsewa amathera mu mtsinje wa Likangala.

A Nkhoma:
Mayi, ndaigwiritsa zaka zambiri sindinaswepo. Tadala, tengani Ag/AgCl ina yatsopano, muviike zonse ziwiri mu KCl, muyeze ndi multimeter. Zikasiyana kwambiri mudzandiuze. Komanso posinthira ku RHE munawonjezera 0.197 ndi 0.059 kuchulukitsa pH? Ambiri amaiwala imodzi.

Gift:
Koma kunena zoona, tikuvutikiranji ndi HMF yochokera kunja? Zitsononkho za chimanga zili mbwee ku Jali ndi ku Thondwe, anthu akungosonkhezera moto. Muli xylan wambiri, furfural, mbale wake wa HMF, amatuluka mosavuta ndi asidi ndi nthunzi. Illovo ku Sezela, South Africa, imapanga furfural kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Furfural kupita ku furoic acid ndi ma electron awiri okha.

Mercy:
Furfural nayenso mu KOH wamphamvu amachita Cannizzaro, theka furoic acid theka furfuryl alcohol, musanayatse n'komwe. Mudzanamizira electrode ntchito yomwe sinagwire. Ndipo ndalama zili ku FDCA chifukwa cha pulasitiki ya PEF. Kampani ya Avantium inatsegula fakitale ku Delfzijl, Netherlands, mu 2024, ngakhale njira yawo si ya electrode ngati yathuyi.

Gift:
Iwowo magetsi sawathimira 9 koloko.

Tadala:
Chabwino, mawa ndiyamba ndi za beaker ndi titration. Alipo ali ndi Hg/HgO yobwereka kuno ku Zomba kapena ku Blantyre? Ndikhoza kutuma munthu pa minibasi. Ndi UPS yoti ingasunge potentiostat, makina oyendetsera potential, maola awiri.

A Nkhoma:
Yanga siyenda pa minibasi. Yezani kaye ndi multimeter monga ndanenera.

Yamikani:
Pepani ndalowerera. Alipo akudziwa komwe ndingapeze anion exchange membrane yolekanitsa zipinda za H-cell, ngakhale kachidutswa ka 3 cm? Yathu inauma n'kung'ambika.