Ndiwayankhe bwanji ophunzira anga pa nkhani ya kugonjera kwa Anne Bradstreet?

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru. Ndimaphunzitsa ndakatulo za Chingerezi, ndipo mwezi uno tikuwerenga za Anne Bradstreet, mayi wa mpingo wa Apuritani (Akhristu ochokera ku England okhwimitsa malamulo a chipembedzo) amene anafika ku Massachusetts, ku America, m'chaka cha 1630, buku lake n'kusindikizidwa ku London mu 1650. Mu ndakatulo yake yamalonje, mayiyu akuvomereza kuti amuna ndiwo ali patsogolo pa luso, ndipo akungopempha kuti akazi aziyamikiridwako pang'ono. Mtsikana wina m'kalasi anandifunsa kuti tikuwerengeranji munthu wodzichepetsa chotere, pamene ife tomwe timawaphunzitsa kuti mkazi ndi mwamuna ndi ofanana pa nzeru ndi pa ufulu. Ndinamuyankha, koma yankholo silinandikhutiritse ngakhale ine ndemwe.

Chondizunguza n'chakuti mu ndakatulo yomweyo iye akudandaula za anthu onena kuti dzanja lake limayenera singano osati cholembera, ndipo mu ndakatulo ina yolemekeza Mfumukazi Elizabeth I akudzudzula onena kuti akazi alibe nzeru, n'kuwakumbutsa kuti mawu otero akanakhala mlandu woukira ufumu pamene mfumukaziyo inali pampando. Komanso Bradstreet anakhala m'nthawi ya zimene zinagwera Anne Hutchinson, mayi wina wa ku Massachusetts komweko, amene anazengedwa mlandu mu 1637 n'kupirikitsidwa chifukwa cha zimene ankaphunzitsa m'nyumba mwake, ndipo mmodzi mwa omuzengawo anali Thomas Dudley, bambo ake a Bradstreet. Kodi ndiwauze anawa kuti kugonjerako kunali chishango chabe, kapena ndivomereze kuti iye ankakhulupiriradi zimene analemba?

Yankho loyamba: Aphunzitsi, ine ndikuona kuti chinali chishango. Mlamu wake wa Bradstreet, John Woodbridge, amene anapita ndi ndakatulozo ku London, anachita kutsimikizira owerenga kuti mayiyu sananyalanyaze ntchito zapakhomo, koma ankalemba pa nthawi imene akanagona. Ngati buku la mayi wa ana linkafunika mboni yotere, muwafunse ophunzirawo kuti akanalankhula molunjika bukulo likanatuluka kodi.

Yankho lachiwiri: Pepani, ine ndikusiyana nawo amene ayankha pamwambapa. Tikanena kuti zonse zinali chinyengo, tikumulanda mayiyu chikhulupiriro chake pofuna kuti afanane ndi ife. Apuritani ankatenga mawu a pa Aefeso 5 onena za kugonjera ngati dongosolo la Mulungu, ndipo ndakatulo imene analembera mwamuna wake Simon ikusonyeza chikondi cha munthu wokhutira ndi banja lake. N'zotheka kuti ankavomereza kuti mwamuna ndi mutu wabanja, komabe n'kukana kwamtuwagalu kuti mkazi alibe nzeru, pakuti kwa iye izi zinali nkhani ziwiri zosiyana.

Wofunsa: Zikomo nonse awiri. Yankho lachiwirili landifika pamtima, ngakhale ndikudziwa kuti mtsikana uja adzafunsa ngati nzeru zosaloledwa kutsogolera zili zofananadi ndi za mwamuna, pakuti Simon anadzakhala bwanamkubwa wa Massachusetts pamene mkazi wake sakanaloledwa ngakhale kuvota. Lolemba ndiwapatsa ndakatulo zimenezi pamodzi. Alipo amene anayesapo kuziphunzitsa motere kwa ana a zaka 17 kapena 18?