Kodi bakiteriya wa TB amapulumuka bwanji m'maselo a macrophage?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikukonzekera mayeso a zachipatala, koma pa nkhani ya maselo a chitetezo cha m'thupi otchedwa macrophage ndasowa mtengo wogwira. Ndikumvetsa kuti maselowa amameza tizilombo n'kutitsekera m'kathumba kotchedwa phagosome, komwe kamalumikizana ndi kathumba kena kotchedwa lysosome kuti asidi ndi ma enzyme atiwononge. Chikundivuta ndi Mycobacterium tuberculosis, bakiteriya woyambitsa TB, amene amalepheretsa kulumikizanaku n'kumachulukana m'selo momwemo. Ndawerenga zolemba za m'kalasi, ndafufuza pa intaneti, ndafunsanso anzanga, koma konseko akungotchula lipoarabinomannan (molekyu ya pa khungu la bakiteriyayu) osafotokoza momwe imagwirira ntchito. Kodi alipo amene angandifotokozere zimenezi mwatsatanetsatane, komanso momwe interferon gamma (puloteni yotumiza uthenga pakati pa maselo) yochokera ku maselo a CD4 imathandizira macrophage kugonjetsa bakiteriyayu?