Moni wa "enchanté" ukugwirizana bwanji ndi matsenga?

Nagama: Akuluakulu, ndithandizeni. Afalansa akakumana ndi munthu koyamba amati enchanté, Asipanishi amati encantado, koma mawu omwewa amatanthauzanso "wolodzedwa". Zinatheka bwanji?

Jere: Mayi Nagama, gwero lake ndi nyimbo. M'Chilatini cantare ndi kuimba, ndipo incantare ndi kuimbira munthu mawu amatsenga. Apo ndi pamene panachokera enchanter wa Chifalansa, encantar wa Chisipanishi ndi Chipwitikizi, komanso enchant wa Chingerezi, amene anadzera ku Chifalansa. Charm wa Chingerezi, kutanthauza matsenga kapena chikoka, nayenso ndi wa banja lomweli, anachokera ku carmen, kutanthauza nyimbo kapena ndakatulo. Poyamba anali canmen, kenako n inasanduka r chifukwa n ndi m zikagundizana zimavuta kutchula, monga genmen anakhalira germen (mphukira). Kwa Aroma sinali nkhani yamasewera: malamulo awo a pa magome 12, a cha m'ma 450 BC, ankaletsa kuimbira mnzako malum carmen, nyimbo yoipa. Tanthauzo linafewa pang'onopang'ono. Wolodzedwa sadziletsa, wotengeka mtima naye sadziletsa, choncho mawu aja anasamukira kwa munthu wokondwa.

Nambewe: Bambo Jere afotokoza bwino. Ndingochenjezapo apa pamene ambiri amasokonezeka: charisma si mbale wa charm, ngakhale zilembo zawo zoyambirira zikufanana. Charisma, kutanthauza mphatso yokopa anthu, ndi wa Chigiriki, wochokera ku charis, chisomo. Mawu a Chingerezi amene anayenda njira yonga ya charm ndi fascinate (kuchititsa chidwi), wochokera ku fascinum wa Chilatini, matsenga a diso loipa, ndi glamour (kukongola kokopa). Glamour ndi grammar (galamala) amene Asikoti anamutchula mwawokha, poti kale ophunzira mabuku ankaganiziridwa kuti amadziwanso zamatsenga. Walter Scott, mlembi wa ku Scotland, ndiye anamufalitsa m'zolemba zake.

Kalua: Kwa omasulira, vuto lagona apa. Kulodza kwathu kuli ndi abale ambiri: kuroga m'Chiswahili, kuroya m'Chishona, loka m'Chikongo, onse ochokera ku tsinde limodzi lakale la zinenero za Chibantu. Koma m'Chichewa mawuwa sanafewe mpaka kusanduka moni. Mukalemba "mtsikana wolodza" pomasulira charming, owerenga amva kuti ndi mfiti, ndipo mwamunyoza. Yang'anani kaye chiganizo chonse. Ngati chikunena za khalidwe kapena maonekedwe, lembani wachikoka, wokopa kapena wotenga mtima. Ngati ndi chinthu chovala m'thupi, ndi chithumwa. Ngati ndi mankhwala achikondi, ndi kondaine. Enchanté wa pa moni uja ndi "ndakondwa kukudziwani" basi.