Kodi ndigule makirediti a kaboni ochokera ku mabasi ndi makombi?

Bambo Mwale, Southerton

Abale anga, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata ino, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mukuidziwa bwino. Ena mukudziwa kuti ndili ndi malole awiri amene amanyamula nsawawa ndi maluwa kuchokera ku minda ya cha ku Ruwa ndi Goromonzi kupita ku bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe. Mwini munda wina amene ndimamunyamulira katundu wandiuza kuti ogula ake a ku Netherlands ayamba kufunsa za mpweya wa kaboni umene umatuluka pa ulendo wonse wa katunduyo, kuyambira kumunda mpaka kwawoko, ndipo mantha anga ndi akuti ntchito ingandiphonye ndikapanda kusonyeza kanthu. Nkhaniyi isanazizire, ku ofesi kwanga kunafika mnyamata wovala bwino amene amagulitsa makirediti a kaboni pa madola 12 iliyonse. Akuti ena amachokera ku mzinda wina wa ku Asia kumene anthu anasiya magalimoto awo n'kuyamba kukwera mabasi, ndipo ena adzachokera muno mu Harare, ku ntchito imene ikukonzedwa yoti anthu azikwera galimoto imodzi popita kuntchito, koma atha kulipiridwa pasadakhale. Malole anga amamwa dizilo pafupifupi malita 15,000 pa chaka, ndipo iye wawerengera kuti ndikufunika makirediti 40, omwe ndi madola 480. Kodi ndalama imeneyi ikugula chinthu chenicheni, kapena ndingolandira pepala loti ndipachike pakhoma?

Mayi Nkhoma, Mabelreign

Bambo Mwale, pa masamu pokha mnyamatayo sanakunamizeni. Kirediti imodzi imaimira tani imodzi ya mpweya wa kaboni umene akuti wachepetsedwa kwina m'malo mwa wogulayo, ndipo lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7, choncho malita 15,000 amatulutsadi matani 40 kapena kupitirira pang'ono. Koma musanatulutse chikwama, funsani mwini mundayo chimene ogula ake akufuna, chifukwa pa ntchito yanga yowerengera ndalama za makampani ndaona kuti ambiri amene amafunsa funso limenelo amafuna chiwerengero cha mafuta amene agwiritsidwa ntchito, osati satifiketi yosonyeza kuti wina kutali wachepetsa mpweya m'malo mwanu. Ngakhale msika wa boma wa kaboni wa maiko a European Union unasiya kulandira makirediti ochokera kunja kuyambira mu 2021, ndiye musaganize kuti pepala lililonse lolembedwa mawu akuti kaboni lidzalemekezedwa kumeneko.

Bambo Chirwa, Mufakose

Ine ndayendetsa kombi zaka zambiri ndisanagule yangayanga, ndipo za ku Asia ndisiyira ophunzira, koma za Harare ndiloleni ndiyankhule. Achimwene a Mwale, tsiku lina mudzaime pa renki ya Copacabana kapena pa Market Square cha m'ma 5 koloko madzulo, mudzafunse anthu amene ali pamzere kuti ndani mwa iwo wasiya galimoto kunyumba. Mudzapeza amayi onyamula matumba a tomato, alonda opita kukagwira usiku, ana asukulu ndi makalaliki, ndipo onsewo amakwera kombi chifukwa alibe china choti akwere. Timawaika anayi pampando umodzi mpaka kombi itanyamula anthu 18, ndipo amene yawasiya amathamangira mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo, kumene Honda Fit yopangidwira anthu asanu imanyamula asanu ndi awiri, awiri atapanikizana kutsogolo pambali pa dalaivala. Ngati kukwera pamodzi ndiko kumabala makirediti, ndiye kuti mzinda uno wakhala ukuwabala kwaulere kuyambira kalekale. Amene ali ndi magalimoto awoawo ku Borrowdale kapena ku Greendale sindikuona chimene chingawatsitse kuti akhale pamzere ndi ife, ndipo ngati iwowo satsika, palibe utsi umene wachepa.

Achimwene Gondwe, Mount Pleasant

Bambo Chirwa, mwanena zoona zokhudza mzinda wathu, koma ndikupempha kuti tisataye ganizo lonse chifukwa cha mnyamata mmodzi wogulitsa. Makirediti a mtundu umenewu alipo ndipo mbiri yake ndi yodziwika. Pansi pa pangano la Kyoto la mu 1997, limene maiko anagwirizana pofuna kuchepetsa mpweya wosokoneza nyengo, panali dongosolo lotchedwa Clean Development Mechanism, ndipo mu 2006 mabasi a TransMilenio a mumzinda wa Bogotá ku Colombia, amene anayamba kuyenda mu December 2000 pa misewu yawoyawo, analembetsedwa m'dongosololi. Sitima za Delhi Metro ku India zinalembetsedwanso, koyamba mu 2007 chifukwa cha magetsi amene zimabweza pogwira mabuleki, ndipo kenako mu 2011 chifukwa cha anthu amene anasiya magalimoto ndi njinga zamoto n'kumakwera sitimazo. Mawerengedwe ake sangochitika mwachisawawa. Ofufuza amafunsa okwera kuti akadayenda bwanji basiyo ikadapanda kukhalapo, ndipo amene wayankha kuti akadayendetsa galimoto yake amawerengedwa kuti wapulumutsa mpweya wambiri, amene akadakwera basi yakale wapulumutsa wochepa, pomwe amene akadayenda pansi kapena pa njinga yakapalasa amawerengedwa kuti wawonjezera. Funso la bambo Chirwa ndilo lomwe ofufuzawo amafunsa, kungoti iwo amalilemba pa fomu.

Chimene ndingachenjeze a Mwale n'chaka cha makirediti a ku Asiawo. Mtengo wa makirediti a dongosolo la Kyoto unali pafupifupi mayuro 20 mu 2008, koma pofika kumapeto kwa 2012 unali utagwa mpaka kusakwana yuro imodzi, ndipo ambiri a nthawi imeneyo anatsala osagulidwa. Munthu atha kugula akalewo motchipa kwambiri n'kubwera nawo ku Southerton pa madola 12.

Mayi Nkhoma, Mabelreign

Achimwene a Gondwe, tiyeni tiike nkhaniyi pa msewu wa Seke kuti tonse tiione bwino. Titenge munthu wa ku Chitungwiza amene amayendetsa kagalimoto kake kupita m'tauni ndi kubwerera, ulendo wa pafupifupi makilomita 50 pa tsiku. Ngati kagalimotoko kamamwa malita 7 pa makilomita 100, ndiye kuti amawotcha malita atatu ndi theka pa tsiku, ndipo popeza lita ya petulo imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.3, mpweya wake ndi makilogalamu 8 pa tsiku. Pa masiku 240 a ntchito sakwanitsa n'komwe matani awiri, ndipo tikachotsapo gawo lake la utsi wa kombi imene wayamba kukwera, komanso ethanol ya ku Chisumbanje imene imasakanizidwa mu petulo wa kuno, chiwerengerocho chimatsikanso. Pa mtengo wa mnyamata uja, kusintha konse kwa munthuyu pa chaka chathunthu kukubala madola pafupifupi 20. Tsopano taonani mbali inayi: munthu yemweyo akasiya galimoto kunyumba amapulumutsa malita 840 a petulo pa chaka, omwe ndi ndalama yoposa madola 1,000. Ngati ndalama yochuluka chonchi yalephera kumutsitsa m'galimoto, chifukwa akuopa kunyowa pa renki ndi kufika kuntchito mochedwa, ine sindikhulupirira kuti madola 20 ndiwo angamutsitse. Ndipo ngati watsika chifukwa cha kukwera mtengo kwa mafuta, ndiye kuti akadatsika ndithu ngakhale a Mwale asanalipire kalikonse, ndipo kirediti yoteroyo siikugula kusintha kulikonse.

Achimwene Gondwe, Mount Pleasant

Mayi, masamu anu sindikuwatsutsa, koma ndalamayo siipita kwa wokwera mmodzimmodzi. Imasonkhanitsidwa kuchokera pa anthu zikwizikwi n'kuperekedwa kwa amene akuyendetsa mabasi, ndipo ikachuluka itha kugula basi ina kapena kukonza pokwerera kuti wokwera asanyowe. Ndivomereze komabe kuti ku Bogotá ndi ku Delhi misewu, masiteshoni ndi njanji zinamangidwa ndi ndalama za boma ndi ngongole zikuluzikulu, ndipo ndalama ya makirediti inali ngati ndiwo zapambali. N'chifukwa chake ngakhale akatswiri amakangana ngati ntchito zazikulu zoterezi zikadalephereka popanda makirediti, ndipo ine sindinganene kuti mkanganowo unatha.

Bambo Banda, Highfield

Ana anga, ine ndakalambira mumzinda uno, ndipo chimene chikundidetsa nkhawa ndi makirediti a Harare amene akuti alipiridwe pasadakhale. Kuti munthu awerenge mpweya umene wachepa, ayenera kudziwa mmene anthu akadayendera zinthu zikadakhala monga mwa masiku onse, koma mayendedwe a kuno sakhazikika nthawi yokwanira kuti wina awayeze. Mu 2020, matenda a Covid-19 atafika, makombi analetsedwa kupatula okhawo amene analowa pansi pa ZUPCO, kampani ya boma ya mabasi, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 2022. Sitima zonyamula anthu opita kuntchito zinayambanso kuyenda mu September 2021 kupita ku Mufakose, Ruwa ndi Tynwald, koma pofika mu November 2022 zinali zitaima. Munthu amene akanagulitsa makirediti a zaka khumi potengera sitima zimenezo bwenzi lero akuuza ogula ake chiyani?

Malamulo nawonso akhala akusinthasintha. Mu May 2023 boma linalengeza kuti lizitenga theka la ndalama zonse za malonda a kaboni, kenako mu August chaka chomwecho linatulutsa Statutory Instrument 150 imene inatsitsa gawolo kufika pa 30 peresenti, ndipo mu 2025 kunabweranso malamulo ena pamodzi ndi kaundula wa dziko wolembetsamo ntchito zoterezi. Musaiwalenso za nkhalango za ku Kariba, kumene makirediti ochokera pa ntchito yoteteza nkhalangozo anagulidwa ndi makampani akuluakulu a ku Ulaya, koma mu October 2023 bungwe la Verra, limene limatsimikiza ndi kulembetsa makirediti, linaimitsa ntchitoyo kuti liifufuze. Ngati makampani okhala ndi maloya anagwa m'mavuto otero, inu a Mwale ndi malole anu awiri muyende mosamala. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo, ndipo kirediti ya ntchito imene sinayambe ili pachala penipeni.

Mayi Naphiri, Dzivarasekwa

Ndawerenga zonse ndipo ndaphunzira, koma pali chinthu chimodzi chimene chandiwawa m'mawu a achimwene a Gondwe. Mwati munthu amene ankayenda pansi akayamba kukwera basi amawerengedwa kuti wawonjezera mpweya. Ine ndimaona amayi amene amayenda pansi kuchokera ku Mbare Musika kupita m'tauni atasenza madengu pamutu pofuna kupulumutsa ndalama ya kombi, ndipo basi yotchipa ikanawathandiza iwowo kuposa wina aliyense, koma malinga ndi mawerengedwe amenewa basi yawo siingabale kirediti. Ndiye kuti ndalama imeneyi imatsata munthu amene ali kale ndi galimoto kuti imunyengerere, n'kusiya amene sanawonongepo kanthu. Sindikunena kuti a Mwale asathandize mabasi, chifukwa mzinda uno ukuwasowa kwambiri, koma akadziwe kuti mwa madola 12 aliwonse ndi angati amene amafika kwa woyendetsa basi, ndipo ndi angati amene amatsala m'manja mwa amene adutsitsa pepalalo kuchokera ku Asia mpaka ku Southerton.

Bambo Chirwa, Mufakose

Mayi Naphiri mwakhudza pamene pali chilonda. Achimwene a Mwale, ndikadakhala ine, madola 480 amenewo ndikadapita nawo kwa makaniko wodziwa bwino za mapampu a dizilo kuti aone mainjekita a malole onse awiri, asinthe mafyuluta, ndipo madalaivala ndikadawalamula kuti aziyeza mpweya wa matayala m'mawa uliwonse ndi kuzimitsa injini pamene akudikira kutsitsa katundu ku bwalo la ndege. Lole imene ikufuka utsi wakuda pokwera mtunda ikutaya dizilo amene mwalipira kale. Mukachepetsa ngakhale malita 750 okha pa chaka, malinga ndi masamu a mayi Nkhoma mwachotsa matani awiri, ndipo amenewo mudzawaona ndi maso anu pa malisiti a pa filing'i siteshoni.

Bambo Mwale, Southerton

Zikomo kwambiri nonse, ndachita monga mwandilangizira. Mwini munda uja wandiyankha kuti a ku Netherlands akufuna kudziwa malita a dizilo ndi makilomita a ulendo uliwonse, ndipo za makirediti sanazitchule n'komwe. Mnyamata wogulitsa uja ndinamufunsa mafunso atatu. Pa za chaka, anayamba wazemba, kenako anavomera kuti makirediti a ku Asiawo ndi a mu 2012. Pa za gawo limene limafika kwa oyendetsa mabasi, anati akafunse kwa mabwana ake. Pa za ntchito ya muno mu Harare, anati nambala ya m'kaundula sinatuluke chifukwa mapepala akadali m'njira, koma mtengo udzakwera ndikachedwa. Ndamuuza kuti abwerenso akadzakhala ndi nambalayo, ndipo pakadali pano sindilipira kanthu.

Achimwene Gondwe, Mount Pleasant

Mwachita bwino, bambo. Akadzabweradi ndi nambalayo, munditumizire kuti tikaione limodzi m'kaundula, ndipo mukadzaganiza zogula, mudzaumirire kuti makirediti 40 amenewo afufutidwe m'kaundulamo m'dzina la kampani yanu posonyeza kuti agwiritsidwa ntchito, chifukwa kirediti imene sinafufutidwe itha kugulitsidwanso kwa munthu wina mawa lake.

Bambo Mwale, Southerton

Ndamva, achimwene. Mayi Nkhoma, ngati muli ndi chitsanzo cha fomu yolembapo malita ndi makilomita a ulendo uliwonse, chonde munditumizire lero, chifukwa lole yoyamba ikunyamuka kupita ku Goromonzi Lachinayi m'bandakucha ndipo ndikufuna dalaivala ayambe kulemba kuyambira ulendo umenewo. Bambo Chirwa, inunso mundiuze kumbali dzina la makaniko amene mumamukhulupirira pa za mainjekita.