Achemwali anga anasowa miyezi 7 yapitayo, ndikupempha uphungu

Moni nonse a m'gulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani ya achemwali anga a zaka 34, amene anasowa miyezi 7 yapitayo.

Tsikulo anaweruka kuntchito madzulo koma sanafike kunyumba. Patapita masiku awiri chikwama chawo chinapezeka m'mphepete mwa msewu, lamba wake ataduka, chiphaso ndi makiyi a nyumba zili momwemo, foni yokha palibe. Ine sindikhulupirira kuti anachoka mwa kufuna kwawo, chifukwa anasiya mwana wa zaka zitatu amene sankagona naye kutali, ndipo sabata imeneyo anandiuza kuti pali munthu wina amene ankawaopseza pa foni.

Tinakanena kupolisi m'mawa mwake, tinayendera zipatala ndi nyumba zachisoni, komanso tinalengeza pa wailesi ndi pa Facebook. Kampani ya foni inatiuza kuti singatulutse manambala amene analankhula nawo popanda chilolezo cha khoti, ndipo wofufuza nkhaniyi anasiya kutiyankha.

Kodi banja lingapemphe chilolezo chimenechi kudzera mwa loya, kapena ndi apolisi okha amene angatero? Nanga kafukufuku akaima chonchi, dandaulo lathu tingakalitule kwa ndani?