Thandizeni: denga la nyumba ya L likukana kutsekeka mu SketchUp

Wofunsa:
Abale a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndikujambula nyumba yooneka ngati chilembo cha L mu SketchUp, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira zinthu za 3D. Chigawo chachikulu ndi mamita 8 m'lifupi, chaching'ono mamita 6. Makoma, zitseko ndi mawindo zonse zatheka, koma padenga ndiye ndaima. Ndikufuna la hip, lotsetsereka mbali zonse pa madigiri 25.

Ndinayamba kulijambula lili chogona, mizere ya m'ngodya zonse ndikuilowetsa pa madigiri 45. Kenako ndinakweza mizere iwiri ya pansonga ndi Move mpaka mamita 1.8. Mbali zinayi za dengalo zili bwino. Ziwiri zikukana: ya pafupi ndi valley (ngalande ya denga pangodya ya mkati mwa L) ndi ya kuseri kwake. Ndikabwereza mzere m'mphepete sipakutsekeka, ndipo nthawi zina pakutulukira mizere yopingasa imene sindinajambule. Nyumbayi ndikufuna kuimanga ndithu, choncho sindikufuna kungophimba vuto kuti chithunzi chioneke bwino. China, chiikireni mipando ya ku 3D Warehouse (nkhokwe ya pa intaneti ya zinthu zojambulidwa kale), fayilo ikulemera moti kutembenuza nyumba kukuchita kudukizadukiza.

Yankho loyamba:
Achimwene, yesani izi. Pamalo pokanapo jambulani mzere kuchoka pangodya ina kufika pa ya kutsidya. Pakatsekeka pompo, ndiye kuti ngodya zanu sizikugona pamodzi, ina yatukuka kapena yamira. SketchUp imatseka face (mbali yodzazidwa pakati pa mizere) pokhapokha mizere yonse italumikizana komanso ili pathyathyathya pamodzi. Ya ngodya zitatu imatsekeka nthawi zonse, n'chifukwa chake pulogalamuyo ikumadula yokha mizere yopingasayo. Muyatsenso Color By Axis mu Styles kuti muone ngati makoma akutsatadi mzere wofiira ndi wobiriwira.

Yankho lachiwiri:
Akulu, vuto lili m'manambala mwaperekawo. Zigawo ziwiri zosiyana m'lifupi sizingakhale ndi nsonga yofanana kutalika ngati kutsetsereka kuli kumodzi. Tengani theka la mulifupi muchulukitse ndi tangent ya madigiri 25, yomwe ndi pafupifupi 0.466. Chigawo chachikulu: 4000 mm kuchulukitsa ndi 0.466 ikupereka 1864 mm. Chaching'ono: 3000 mm ikupereka 1398 mm. Nsonga ya chaching'ono iyenera kukhala m'munsi ndi 466 mm, ndipo kamzere kafupi kolumikiza nsonga ziwirizo kayenera kupendekeka, osati kugona. Inu mwakweza zonse pamodzi, ndiye mutu wa valley wakwera kupyola pamene mbali yaikulu ikudutsa. Mbali ziwiri zikukanazo ndi zomwe zikukhudza nsonga zonse ziwiri.

Chenjezo limodzi: musadule manambalawo kuti akhale osavuta kulemba. Mukalemba 1865 ndi 1400 vuto libwerera, chifukwa pulogalamuyi imaona kusiyana kochepera milimita imodzi. Chofunika n'chakuti nambala yochulukitsira ikhale imodzimodzi mbali zonse. Mu Model Info, pa Units, zimitsaninso length snapping (yomwe imadula yokha manambala a kutalika), ndipo pokweza dinani kabatani ka muvi woloza m'mwamba kuti Move isachoke pamzere wa buluu, woimirira uja.

Yankho lachitatu:
Ine masamuwo ndimawazemba. Jambulani kachidutswa ka ngodya zitatu choimirira m'mphepete mwa denga, kutsetsereka kwake muyeze ndi Protractor. Sankhani mzere wozungulira nyumba yonse, dinani Follow Me, kenako kachidutswako. Zituluka zopyolana, musadabwe nazo. Sankhani zonse, Intersect Faces With Selection, mufufute zotsalira. Ma hip ndi valley amadzipeza okha.

Yankho lachinayi:
Bwanji osangosamukira ku pulogalamu yopanga yokha denga, ngati Home Designer? Mumangoiuza madigiri basi.

Woyankha wachiwiri:
Zoona imapanga yokha, koma nayo idzatulutsa nsonga ziwiri zosiyana zomwezo, ndipo munthu wosadziwa chifukwa chake adzayesa kuti yalakwitsa. Bambowa akuti akufuna kumanga. Kalipentala akadzafunsa kuti valley ikuthera pati, ndi bwino adzayankhe akudziwa. Njira ya Follow Me ndi yabwino, bola dengalo alijambule m'gulu lakelake. Makoma apange Group kaye, apo ayi mizere ya denga imamatirira kumakoma, ukakoka nsonga khoma nalo n'kupindika.

Yankho lachisanu:
Pa za kulemera kwa fayilo: mipando yambiri ya ku 3D Warehouse imakhala ndi ma face ochuluka kuposa nyumba yonse, makamaka masofa, makatani ndi mitengo ya masamba. Muziitsegula kaye m'fayilo ina. Imene mwasunga muiike pa Tag yake n'kuizimitsa pogwira ntchito, mithunzi nayonso muzimitse. Zomwe munafufuta zimatsalabe mkati mpaka mutadina Purge Unused pa Statistics mu Model Info.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Mayi kapena bambo amene mwapereka masamu aja, ndatsitsa nsonga yaing'ono kufika pa 1398, yaikulu ndaikweza pa 1864, mbali zonse zisanu ndi imodzi zatsekeka popanda mzere wopingasa. Funso lotsala: ndikufuna denga lituluke kunja kwa makoma ndi 600 mm kuzungulira konse. Manambalawa akhala omwewa?

Woyankha wachiwiri:
Ndine mayi, bambo. Asintha ngati mukuyezera kuchokera kumphepete kwa denga. Tulutsani kaye mzere wozungulira nyumba ndi 600 mm pogwiritsa ntchito Offset, ndiye theka la mulifupi likhala 4600 ndi 3600. Kuchulukitsa ndi 0.466 kukupatsani 2143.6 ndi 1677.6, mulembe ndi kadontho komwe. Dziwani kuti mphepeteyo idzakhala m'munsi mwa mutu wa khoma ndi pafupifupi 280 mm, ndiye muone kuti isatsike mpaka kuphimba pamwamba pa mawindo.